Lipenga la Bambo

M'nyumba ya Pulezidenti munalibe chipinda chopanda wailesi. Kuofesi inalipo, patebulo lodyera inalipo, kuchipinda chogona inali pafupi ndi pilo, ndipo ngakhale kubafa kunali kawailesi kopachika pa msomali pamwamba pa sinki. Mawailesi onsewa ankakhala otsegula, onse pa siteshoni imodzi ya boma. Antchito atsopano ankayesa kuti bwana wawo ndi munthu wokonda nkhani. Nkhani zake ziti? Munthuyo sankamva n'komwe zimene zikunenedwa. Kaya akuwerenga mauthenga a maliro, kaya akuphunzitsa alimi kupopera mbewu, kwa iye zonse zinali chimodzimodzi. Chimene ankafuna n'chakuti pakhale munthu amene akulankhula, basi. Muulutsi akamalankhula ndiye kuti dziko likadali m'manja mwake.

Musafulumire kumuseka. M'dziko limenelo boma silinkagwa ndi kulira kwa mfuti, linkagwa ndi nyimbo.

Chaka chimene dziko linalandira ufulu, bandi ya asilikali inajambula chimbale chimodzi, nyimbo yogubira ya malipenga ndi ng'oma, yopanda mawu. Chinkangodya fumbi pa shelefu kunyumba ya wailesi. Tsiku limene asilikali analanda boma koyamba, anyamata amene anatumidwa kumeneko anathamangitsa muulutsi, kenako n'kusowa choika pa wailesi podikira akuluakulu awo. Wina anatola chimbale chija chifukwa pachikuto pake panali chithunzi cha majombo. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna mpando ankayamba waika chimbalecho. Chinkalira mobwerezabwereza mpaka msilikali wina atsokomole n'kunena kuti, "Anthu a dziko lino, musachite mantha." Akangotero anthu ankadziwa kuti nthawi yochita mantha yakwana.

Zithunzi za anthu amene anakhalapo pampandowo zinali m'khonde lopita kuofesi, ndipo Pulezidenti ankadutsa pamaso pawo m'mawa uliwonse. Ankawadziwa bwino kuposa abale awo, chifukwa asanalowe ndale anali mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Woyamba, Wamagalasi, anamugwira ali patebulo, mpeni wopakira batala uli m'manja, akuuza mkazi wake kuti kanyimbo kali pa wailesika n'kabwino. Wandevu, msilikali amene anamuchotsa, anali wochenjera kuposa pamenepo. Ena anayesapo kumugwetsa n'kulephera. Koma naye tsiku lake litakwana, nyimbo ikulira, foni inaitana, iye n'kuinyamula. Anali mnzake wa ponda apa nane ndipondepo, mwamuna wa mlongo wake. "Khala pomwepo, ndi kachisokonezo chabe, ndikubwera." Anabweradi. Mnzakeyo analamulira mpaka kukalamba, matenda n'kumukakamiza kulola chisankho, ndipo anthu, atatopa ndi majombo, anavotera mphunzitsi.

Panali chinthu chimodzi chimene mphunzitsiyo sanalembepo pa bolodi. Lipenga lotsogolera pa chimbale chija ankaliza anali bambo ake. Tsiku lojambula anali ndi chilonda pa mlomo, ndipo chakumapeto kwa nyimbo, pamene lipenga limakwera lokhalokha, mawu ake amasweka pang'ono. Mkulu wa bandi anati abwereze, wojambula anati nthawi yatha. Kunyumba inali nkhani yoseketsa, amayi ankawanena nayo bambo akachedwa kumowa. Kuseka kunatha pamene anthu aja analephera kugwetsa Wandevu. Iye anati oimba ndiwo anapereka chizindikiro, ngati kuti munthu amene anaimba zaka zapitazo angadziwe tsiku limene chimbale chidzalire. Asilikali anafika masana, bambo ali pakhonde akupukuta lipenga, mwana wawo atawagwirira kachitini ka mankhwala opukutira. Anawalola kuvala nsapato. Bambo anapatsa mwanayo kansalu n'kunena kuti, "Gwira, ndikubwera." Lipenga analitenga ngati umboni. Amayi anali ndi pakati, ndipo mwana amene anabadwa miyezi ingapo pambuyo pake ndi amene banja lonse linkangomutchula kuti Mzime.

Sabata yoyamba ali pampando, Pulezidenti analamula kuti chimbalecho achitsekere m'kabati yachitsulo kunyumba ya wailesi komweko. Alangizi ake anati achiswe. Anakana. Bambo ake analibe chithunzi, analibe manda, mpweya wawo unatsala mmenemo mokha. Kuchiswa sakanatha, koma kugona nacho nyumba imodzi sakanathanso. Kenako anaika Mzime, amene anali msilikali kuyambira ali mnyamata, kukhala mkulu wa asilikali onse, poti mwana wa mayi ako ndiye ungamupatse mfuti iwe n'kugona tulo.

Tulo take sitinabwere. Choncho anachita chinanso, chimene sanauze ngakhale Mzime. Moyang'anizana ndi nyumba ya wailesi panali kaofesi kokhala ndi chikwangwani cha kampani yogulitsa mapaipi. Munalibe paipi ngakhale imodzi. Munali amuna a gulu lolondera Pulezidenti, amene ankamvera mkulu wawo yekha, Kaputeni. Nyimbo ija ikadzalira, ntchito yawo inali kuzinga nyumba ya wailesi n'kudikira liwu limodzi kuchokera kwa Pulezidenti. Akalimva azimitse tiwailesi tawo ta m'manja, alowe, ndipo aliyense wa yunifolomu amene amupeze m'katimo asamufunse dzina. Zozimitsa tiwailesizo anaganiza yekha Pulezidenti, chifukwa alonda a Wandevu anabwezedwa panjira ndi lamulo labodza. Mphunzitsiyo analibe phunziro limene anajomba.

Lamlungu lina Mzime anabwera kudzadya nkhomaliro monga ankachitira mwezi uliwonse. Yunifolomu ankaisiya kunyumba, podziwa kuti mkulu wake akaona mabatani owala chakudya sichitsika. Anali munthu wa thupi lake, wa phwete lomveka mpaka kugeti, imvi zitayamba kale m'mbali mwa makutu. Mkazi wa Pulezidenti ankamukonda chifukwa ndi yekhayo amene ankatsitsa wailesi ya patebulo osapempha.

"Alamu, mwamuna wanuyu ndi wamitala," anatero Mzime akupotokola kabatani. "Inuyo ndi kabokosi aka. Ndipo wamkulu ndi aka."

"Mwadziwa mochedwa, alamu," anayankha mayiyo. "Ine ndinagonja kalekale. Kakadwala ndimakapezera mabatire ndine."

Anaseka onse, ngakhale Pulezidenti, koma dzanja lake linapita lokha kukakweza wailesi ija pang'ono. Atatha kudya, Mzime anapukuta m'manja n'kutembenukira kwa mkulu wake.

"Achimwene, ndili ndi pempho."

"Ngati ndi malole atsopano, pita kwa nduna ya zachuma."

"Si malole. Ndikufuna ndiwamve bambo."

Pulezidenti anaika foloko pansi.

"Amayi masiku awo omaliza ankandiitana dzina la bambo," anapitiriza Mzime. "Ankati ndimatsokomola ngati iwo, ndimapuma ngati iwo. Ine ndingadziwe bwanji? Chimbale chija chinalira komaliza ndikuyamwa. Inu munawaona, munawagwirira kachitini. Ine ndilibe kalikonse, ngakhale mbama yawo sindinailawe. Kamodzi kokha, achimwene. Titseke chitseko, inu ndi ine."

"Chimbale chimenecho sichilira ine ndili moyo."

"Ndi nyimbo chabe."

"Wamagalasi anateronso."

Mzime anamuyang'anitsitsa mkulu wakeyo. "Kodi mumandiopa ine?"

"Wanena zokuopa ndani? Iwe Mzime, usandilankhulitse pambali. Chisankho chikadutsa tidzaona."

"Chaka chatha munatinso tidzaona. Imvi izi mukuziona? Ndawapitirira kale bambo msinkhu." Anaimirira n'kuseka, koma phwete limeneli silinafike ngakhale pakhomo. Akutuluka anatembenuka. "Tsiku lina ndidzangopita ndekha. Mudzangomva kuti ndawamva."

Galimoto ya Mzime isanatuluke pageti, Pulezidenti anali ataitana kale Kaputeni n'kumufunsa ngati anyamata a ku mapaipi ali tcheru. Zinali zochititsa manyazi, ndipo iye ankadziwa kuti n'zochititsa manyazi. Mng'ono wakeyo ankamukonda zenizeni. Anamubereka kumsana amayi akapita kukachapa zovala za eni, anamuphunzitsa kuwerenga, anamumenyera nkhondo kusukulu anzake akamamunena kuti mwana wa woukira. Koma mantha sankafunsa zimenezo.

Lachitatu lake kunacha bwino. Cha m'ma teni Pulezidenti anali yekha muofesi, kapu ya tiyi ili m'manja, ataima pawindo. Nyumbayo inali pachitunda, tauni yonse inkaoneka: msika, siteji ya mabasi, mlongoti wa nyumba ya wailesi. Pa wailesi namwino wina ankaphunzitsa kasambitsidwe ka mwana wakhanda.

"Madzi asatenthe kwambiri, amayi. Muyambe mwayesa ndi chigongono, kenako..."

Mawu anadukira pomwepo. Kunamveka kukwekwesa kwa singano pa chimbale, kenako ng'oma, kenako malipenga.

Kapu sinagwe. Anaiika bwinobwino pa sosala, n'kudabwa kuti dzanja lake likudziwa chochita pamene mutu waima. Nyimboyo sinkachokera muofesi mokha. Inkachokera m'khonde, kukhitchini, kuchipinda chogona, kubafa, nyumba yonse inkaguba. Anayang'ana kunja. Zitseko za masitolo zinkatsekedwa chimodzichimodzi kutsika ndi msewu waukulu. Mabasi ankakhota pakati pa msewu. Amayi ankathamangira kusukulu, ena nsapato zili m'manja. Achinyamata amene anali asanaimvepo nyimboyo anangoima kukamwa yasa, mpaka achikulire kuwakoka malaya. Palibe anawauza chochita, dziko lonse linkakumbukira lokha.

Kaputeni analowa osagogoda, kawailesi kali m'manja. Anali munthu wowonda, wosaseka, amene Pulezidenti anamusankha chifukwa analibe mnzake aliyense kukampu ya asilikali.

"Bwana, anyamata azinga kale. Galimoto ya mkulu wa asilikali ili panja pa nyumba ya wailesi. Analowa ali mu yunifolomu, ndi asilikali awo owaperekeza."

"Kukampu kuli bwanji?"

"Kuli zii, bwana. Lole silinatuluke ngakhale limodzi."

"Tsiku la Wandevu kunalinso zii."

"Akudikira liwu lanu, bwana."

Apa tisamunamizire munthuyu. Ankadziwa. Mawu a Lamlungu aja anali m'makutu mwake ngati anenedwa kumene. Mkazi wake analowa akuthamanga, mpango utagwera paphewa, n'kunena zomwezo mokweza.

"Bambo, ndi Mzime uyu. Anakuuzani patebulo ine ndikumva. Wapita kukamva bambo ake, palibenso china."

"Ndiye aziwamva dziko lonse likumvera?"

"Kaya, mwina alakwitsa mabatani. Kodi anthu salakwitsa?"

"Munthu wofuna kulanda boma," anatero Pulezidenti pang'onopang'ono, ngati ali m'kalasi, "amayamba wakonza chifukwa choti apezekere pamalopo. Amakuuziratu patebulo."

Mkaziyo anamuyang'ana ngati munthu amene sakumudziwa.

Nyimbo inafika chakumapeto. Ng'oma zinatsika, malipenga ena anakhala chete, n'kutsala limodzi likukwera lokha. Linasweka pamalo pomwe paja. Pulezidenti anamva fungo la mankhwala opukutira, anamva kuzizira kwa kachitini m'manja mwake. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akadzaimvanso nyimboyo adzangomva imfa yake, sankayembekezera kuti adzawasowa bambo ake chonchi. Misozi inalengeza. Anadziuza mumtima kuti ikangotha n'kukhala chete, ndiye kuti Mzime wamva zimene amafuna, namwino abwerera, ndipo madzulo amukalipira mng'ono wakeyo mpaka makutu kuwawa.

Nyimbo inatha. Anapuma. Kenako singano inakwekwesanso, ng'oma n'kuyambiranso poyamba.

"Abwereza, bwana," anatero Kaputeni.

Sanafunike kuuzidwa tanthauzo lake. Palibe mwana wa m'dzikomo amene sankadziwa kuti tsiku lolanda boma chimbale sichilira kamodzi. Thukuta linali kamukamu, kolala ya shati itanyowa. Kaputeni anabweretsa kawailesi kaja pafupi ndi pakamwa pake n'kudikira. Pulezidenti anakweza dzanja kuti ayembekeze. Analikweza ndithu, ndipo chimenechi tiyenera kumuwerengera.

Pakati pa ulendo wachiwiriwo nyimbo inadulidwa mwadzidzidzi. Nyumba yonse inangoti zii. Kenako foni yakuda ya pa desiki inaitana, imene nambala yake ankaidziwa a pabanja okha.

"Ndi iyeyo," anatero mkazi wake. "Nyamulani."

Pulezidenti anangoiyang'ana.

"Bambo, nyamulani foni!"

Mayiyo anatambasula dzanja kuti anyamule yekha, koma mwamuna wake anamugwira pamkono mwamphamvu, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirane. "Musaikhudze."

Mwina mungafunse kuti kunyamula foni kukanamupha bwanji, poti munthu akhoza kumva n'kusakhulupirira. Iye ankadzidziwa. Akanangomva liwu lija likuti "achimwene," akanakhulupirira chilichonse. Wandevu sanali chitsiru, ankangomukonda mnzake uja. Zimenezi Pulezidenti anaziganizira zaka zambiri akudutsa m'khonde la zithunzi, ndipo analumbira kuti iye sadzagwidwa ndi chikondi. Foni inaitana, n'kuitana, n'kuitana, mpaka inatopa.

Pa wailesi munthu anatsokomola. Chinali chifuwa chimene Pulezidenti anachimva komaliza pakhonde, tsiku la kansalu lija, ndipo tsitsi linamuyenda.

"Anthu a dziko lino, ndine mkulu wa asilikali. Musachite mantha."

Nanga munthu angauze chiyani dziko limene likuthawa? Mawu ena kulibe. Aliyense wa ife akanaima pamenepo akananena omwewo. Koma Pulezidenti sanamve mng'ono wake. Anamva asilikali onse amene anatsokomolapo pa wailesiyo, anaona Wamagalasi ndi mpeni wake wa batala.

"Alowe," anatero, motsitsa kwambiri.

Kaputeni anabwereza liwulo m'kawailesi. Kanalira kamodzi, n'kukhala chete.

"Palibe chimene chachitika," anapitiriza Mzime pa wailesi, akupuma mofulumira. "Boma lilipo, a Pulezidenti alipo. Tsegulani masitolo. Wolakwa ndine, ine ndekha." Sanali munthu wodziwa kulankhula pagulu, ndipo anakhala ngati waiwala kuti dziko lonse likumumva. "Achimwene, ndikudziwa kuti mukumvera, inu wailesi simuzimitsa. Nyamulani foni. Sindimadziwa kuti zikumveka kunja, ndikulumbira. Mundikalipire madzulo. Komatu ndawamva, achimwene. Pamene paja pamasweka paja, abale inu, ndiye kuti analidi ndi chilonda!"

Anaseka, phwete lake lija lofika kugeti.

"Aimitse!" anakuwa Pulezidenti. "Kaputeni, aimitse! Auze abwerere!"

Kaputeni anakuwira m'kawailesi, n'kukagogoda pa desiki, n'kukuwanso. Kenako anatsitsa dzanja. "Azimitsa, bwana. Monga munalamulira."

Pulezidenti anatola foni yakuda ija, zala zikuphonya manambala. Pa wailesi kunamveka chitseko chikumenyetsedwa, mpando ukugwa, Mzime akunena kuti, "Ee, anyamata, tadikirani," ndi liwu la munthu amene anazolowera kuti asilikali amamumvera. Zimene zinatsatira zinamveka muofesi, m'khonde, kukhitchini, kuchipinda chogona ndi kubafa. Zinamvekanso kumsika ndi kukampu.

Mkazi wake sanakuwe. Anatola mpango wake, n'kuumanga bwinobwino. "Ndikupita kwa mkazi wake," anatero. "Asakhale yekha." Sanamufunse ngati apita nawo.

Dzuwa litapendeka anabweretsa mdala wosunga zimbale, kamunthu kakafupi kamene kanapulumuka chifukwa sikanavale yunifolomu. Shati yake inali ndi madontho, ndipo ankayesetsa kuwabisa ndi chipewa. Anafuna kugwada, Pulezidenti n'kumuloza mpando.

Nkhani yake inali yaifupi. Galamafoni yokhayo imene inkagwirabe ntchito inali m'situdiyo yakale, yosungiramo mipando yothyoka. Nthawi ya Wandevu asilikali analumikiza mawaya ake kuti ikangoyatsidwa izidula china chilichonse chimene chili pa wailesi. Amene ankadziwa zimenezo anafa kalekale, mawaya okha ndiwo anatsala m'khoma. Chitseko cha situdiyo ndi chochindikala, anthu anagogoda nthawi yaitali iwo osamva.

"Anafika bwanji?" anafunsa Pulezidenti.

"Mwaulemu, bwana. Anati amachokera kokayendera asilikali, mtima wangowauza kuti akhote. Mfuti anasiyira dalaivala. Anavula chipewa, n'kukhala pa kampando kopanda chotsamira. Nyimbo itayamba anandifunsa kuti, 'Wanga ndi uti pamenepa?' Ndinati adikire atsale yekha."

"Ndiye?"

"Litasweka lipenga anaomba m'manja ngati mwana, misozi ili mbwembwembwe. Anati, 'Mdala, tabwerezani.' Ine n'kubwereza, bwana. Ndine ndinabwereza."

"Si inu," anatero Pulezidenti. Kenako anafunsa chimene ankaopa kufunsa. "Za ine ananenapo?"

Mdalayo anatembenuza chipewa m'manja. "Anati, 'Achimwene anga amaopa, koma si kulakwa kwawo, anaona zambiri ali mwana. Tsiku lina ndidzawanyengerera, tidzabwera limodzi. Musunge kampando kena.'"

Atafika pakhomo mdalayo anatembenuka, ngati munthu wofuna kusiya kanthu kotonthoza. "Chimbale chokha chilibwino, bwana. Sichinakandike n'komwe."

Kaputeni anabweranso dzuwa lili pafupi kulowa. Kukampu malole anali atayamba kutuluka. Asilikali onse anamva mkulu wawo akuphedwa akuseka, ndipo panalibe wowaletsa. Galimoto inali yokonzeka kuseri, msewu wa kumalire unali usanatsekedwe.

"Tenga anyamata ako, upite," anatero Pulezidenti. "Uuze antchito onse apite kwawo."

"Nanga inu, bwana?"

"Ine ndakhala ndikuthawa kuyambira ndili mwana wa sukulu. Pita."

Nyumba itatsala yopanda anthu anayenda chipinda ndi chipinda akuzimitsa mawailesi. Ka kubafa anachita kukwera pa mpando kuti akafikire. Anadutsa m'khonde la zithunzi osaweramitsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti Wandevu anali ndi maso a munthu wotopa. Uyu ananyamula foni n'kutaya dziko. Iye sananyamule, ndipo anataya dziko ndi Mzime yemwe. Anasiya wailesi ya muofesi yokha, n'kukhala pa desiki. Pawindo ankaona malole akutsika msewu waukulu mondondozana, nyali zili zoyaka kukadali kowala.

Muulutsi wina wachinyamata ankawerenga za nyengo, mawu akunjenjemera. Anafika pa mvula ya kumapiri, n'kudukira pakati. Singano inakwekwesa.

Pulezidenti anadzifufuza mumtima n'kupeza kuti mantha mulibe. Chinthu chimene anachisenza moyo wake wonse chinali chitachoka, ndipo chimene chinatsala m'malo mwake chinali cholemera kuposa pamenepo. Ankamufuna mng'ono wake. Ankafuna amukalipire, amutsitsire wailesi osapempha, amutchule wamitala.

Foni yakuda inaitana. Anainyamula isanamalize kulira koyamba.

"Mzime?"

Kenako linamveka liwu la munthu amene sankamudziwa, laulemu ndithu. "Bwana, khalani pomwepo. Tikubwera."

"Ndilipo," anayankha. "Chonde, nyimboyo musaidule."

Anaika foni pa desiki osaibwezera pamalo pake. Anakoka mpando wa alendo n'kuuika pambali pa wake, n'kukweza wailesi. Ng'oma zinali zitayamba kutsika, ndipo lipenga la bambo linali pafupi kutsala lokha.